Injini Yaikulu M'galimoto Yakale: Kutentha Kudzatulukira Pati?

Malume anga a ku Mtunthama ali ndi Hilux ya m'zaka za m'ma 1980 yomwe yakhala ikuwanyamulira mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma kuyambira ine ndili kupulayimale. Injini yake yadizilo ya mtundu wa 2L itatopa, ikufuka ngati uvuni wa njerwa, iwo anati basi, yakwana. Anagula 1KZ-TE, dizilo ya malita 3 yokhala ndi thebo, yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan. Inatha milungu itatu pagalaja, ndipo tsiku loiliza tonse tinasangalala. M'tauni mwa Kasungu inayenda bwino. Ku Santhe inapita n'kubwera popanda vuto. Koma ulendo woyamba wakunyanja, mwezi wa Okotobala, akubwera ndi usipa wodzaza kumbuyo, pa zitunda za msewu wa M18 zokwera kuchokera ku Nkhotakota, madzi anawira, nthunzi inatuluka m'boneti, ndipo silinda hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, inang'aluka.

"Mphwanga, injini ija anandigulitsa yakufa," anatero titaikoka kufika nayo kunyumba.

"Ayi malume," ndinawayankha, "inabwera yamoyo. Taipha ndife."

Ndinkadziwa chimene ndinkanena chifukwa ndinalipo poimanga. Titawotcherera ma mounting, zitsulo zokhazikapo injini, tinapeza kuti fani ya injiniyo ikugunda rediyeta. Tinaichotsa, n'kumangirira kafani kamagetsi ka galimoto yaing'ono kutsogolo. Rediyeta inali yomwe ija ya 2L, ya zaka zoposa 30, yodzaza madzi a pamjigo. Ndalama zonse zinathera pa injini, zoziziritsa tinagulira chenji. Vutoli ndaliona kambirimbiri, pa ma Land Rover, pa ma Peugeot 504, pa ma Datsun, ndipo limandipweteka chifukwa galimoto zimenezi ndi zimene zimadyetsa mabanja.

Tiyambire pa moto weniweniwo

Mafuta akapsa mu injini, mphamvu yake imagawika patatu mosakhwimitsa masamu. Gawo limodzi limazunguza matayala, lina limatuluka ndi utsi, lachitatu limalowa m'zitsulo za injini ngati kutentha, ndipo liyenera kunyamulidwa ndi madzi kupita ku rediyeta. Ndiye kuti injini ikamakoka ndi mphamvu yake yonse, kutentha kolowa m'madzi kumakhala kofanana pang'ono ndi mphamvu yofika kumatayala.

Land Rover Series III ya petulo, ija ya malita 2.25, imatulutsa ma horsepower pafupifupi 70, omwe ndi makilowati 52. Ketulo yamagetsi yophikira tiyi imadya makilowati awiri. Choncho rediyeta ya Land Rover ija inapangidwa kuti izitaya kutentha kwa maketulo ngati 26 owira nthawi imodzi. Tsono wina akaikamo 1UZ-FE, V8 ya malita 4 yomwe inatuluka mu 1989 mu Lexus LS400 ndi ma horsepower 250, maketulo aja amapitirira 90. Boneti ndi yomweyo, mphuno ya galimoto ndi yomweyo, mpata wolowera mphepo ndi womwewo.

Apa pali chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri. Kutentha kumatsatira ntchito imene injini ikugwira, osati kukula kwake. V8 yoyenda pang'onopang'ono yopanda katundu kuchoka pa depoti kupita ku chipatala siitulutsa maketulo 90 ayi, imatulutsa ochepa chabe, ndipo rediyeta yakale imakwanitsa. N'chifukwa chake galimoto ya malume inakhoza mayeso a m'tauni. Chiweruzo chimabwera pa chitunda chachitali, katundu ali pamsana, giya yachiwiri, phazi lili pansi, liwiro lili lochepa moti mphepo siikulowa yokha. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene kuno kwathu tili pamwamba pa mamita 1,000. Mamita oposa 500 amenewo injini imawakwera ikutuluka thukuta.

Yezani musanawotcherere

Chinthu chimene ndimafuna aliyense achimve ndi ichi: malo a rediyeta, fani ndi malamba amasankhidwa injini ikadali lende pa tcheni. Mukawotcherera ma mounting, n'kudula propshaft, n'kupinda ekizozi, mwatseka khomo. Zotsalazo mudzangokhala mukunyengerera.

Injini ikalendewera m'malo mwake, ikani zonse zakutsogolo, mapule, fani, olitaneta, ngakhale mongogwiriza. Tengani katoni, mudule kukula kwa rediyeta imene mukufuna, muiimike pamalo pake. Pakati pa masamba a fani ndi rediyeta pazikhala masentimita awiri kapena atatu, chifukwa injini imagwedezeka pa mphira zake, ndipo mukawoloka madzi nthawi ya dzinja masamba apulasitiki amapindikira kutsogolo n'kudya zisa za rediyeta. Ngati mpata palibe, kusuntha injini masentimita asanu kumbuyo, ngakhale kutafuna kuphwanya pang'ono khoma la kabini, n'kotsika mtengo kusiyana ndi hedi yatsopano. Nthawi zina rediyeta ndiyo ingasunthire kutsogolo. Land Rover ya Series ili ndi mwayi umenewo chifukwa mphuno yake inalowa m'kati pakati pa mapiko, ndipo fakitale yokha itafuna kuikamo V8 mu 1979 inakankhira mphunoyo kutsogolo.

Rediyeta: nkhope iposa kunenepa

Munthu akamva kuti galimoto ikutentha amathamangira kunena kuti, "Ikanimo ya mizere inayi." Mizere imathandiza, koma osati monga anthu amaganizira. Mphepo ikadutsa mzere woyamba wa timachubu imakhala yatenthedwa kale, wachiwiri umalandira mphepo yofunda, wachinayi umalandira yotentha. Komanso rediyeta yonenepa imakaniza mphepo kudutsa, ndiye fani yofooka imalephera kukoka. Chimene chimalipira kwambiri ndi kukula kwa nkhope, m'litali ndi m'lifupi. Dzazani mpata wonse umene mphuno ya galimoto ikupatsani, kunenepa kubwere pambuyo.

Poyambira pabwino ndi rediyeta ya galimoto imene injiniyo inachokamo. Akatswiri anaiyeza kale, mapayipi ake akugwirizana ndi a injini, ndipo ngati giyabokosi ndi ya otomatiki, choziziritsira oyilo wake chilimo kale. Mukamagula injini kwa ogulitsa theka la galimoto, limbanani kuti akupatseni rediyeta, fani, cowling (chikombole chozinga fani) ndi mapayipi ake. Zinthu zimenezi pozigula padera zimavuta kuzipeza kuposa injiniyo.

Ikakana kulowa, pamabwera funso la mkuwa kapena aluminiyamu. Mkuwa pawokha umadutsitsa kutentha kuposa aluminiyamu, koma zisa zake zimalumikizidwa ku timachubu ndi mtovu, womwe sudutsitsa bwino, ndipo ukakalamba umasiyana nazo. Ya aluminiyamu imakhala ndi timachubu totakata, mwina mamilimita 25 kamodzi, kotero mizere iwiri yokha ingafanane ndi inayi ya mkuwa, komanso ndi yopepuka. Pa pepala aluminiyamu ndiye wopambana. Koma ine ndimafunsa kaye komwe galimotoyo izigona. Rediyeta ya mkuwa ikabooka muli ku Chulu kapena ku Chamama, mmisiri wa mtovu ndi nyali yake akumatirani tsiku lomwelo, ndipo angathe kuimasula matanki n'kutokosa timachubu kamodzikamodzi. Ya aluminiyamu imafuna makina owotcherera a argon, ndipo ija ya matanki apulasitiki ikang'aluka pakhosi nthawi zambiri yatha. Kwa galimoto yamuminda, yogwedezeka pa misewu ya mabampu tsiku ndi tsiku, ine ndimakonda mkuwa watsopano womangidwa pa muyeso. Yapatara yokha, aluminiyamu ali bwino. Iliyonse mwa ziwirizi ikhale pa timphira, osaimanga ndi mabauti molunjika ku chitsulo, chifukwa chasisi ikapotoka imang'amba.

Onaninso msinkhu. Mpweya umathawira pamwamba, ndiye chitsekerero chiyenera kukhala pamalo okwera kuposa pena paliponse pamene madzi amafika. Injini yaitali ikaikidwa m'galimoto ya mphuno yotsika, hedi imatha kukwera kuposa khosi la rediyeta. Mpweya umakodwa m'hedi, malo amenewo amauma, chitsulo chimapsa geji isanadziwe. Mankhwala ake ndi kathanki kowonjezera koikidwa pamwamba pa khoma la kabini, kolumikizidwa ku malo okwera a injini ndi kapayipi kakang'ono, ndipo chitsekerero chenicheni chizikhala pamenepo.

Chitsekerero, madzi ndi thermostat

Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amawira pa madigiri 100. Zimenezo ndi za kugombe la nyanja yamchere. Kuno kumtunda amawira cha pa 96 kapena 97, ndipo mpweya wathu ndi wopyapyala ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kutanthauza kuti fani yomweyo imanyamula kutentha kochepa kusiyana ndi ku Durban kapena ku Japan komwe injiniyo yachokera. Chitsekerero cha rediyeta ndicho chimatipulumutsa. Chili ndi sipuling'i yomwe imasunga madzi ali opanikizika, ndipo cholembedwa 0.9 chimakankhira kuwira kufika cha pa madigiri 117. Mphira yake ikatha, madigiri 20 amenewo amapita osatsanzika. Kanthu kotsika mtengo chotere kamapha injini zambiri. Koma musathamangire cha nambala yaikulu pa rediyeta yakale, chifukwa mtovu wokalamba ndi mapayipi ofooka zimaphulika.

Madzi a pamjigo ndi abwino kumwa, koma yang'anani m'kati mwa ketulo ya kunyumba kwanu muone zoyera zomwe zimamatirira. Zomwezo zimamatirira m'timachubu. Gwiritsani ntchito madzi oyera aja othira m'batire (osati asidi), kapena a mvula osefedwa bwino, osakaniza ndi coolant, mankhwala othira m'rediyeta. Ena amati coolant ndi wa kumayiko ozizira. N'zoona kuti kuno madzi saundana, ndipo madzi okha amanyamula kutentha kuposa osakaniza. Koma injini zatsopanozi zili ndi hedi ya aluminiyamu, ina pa buloko yachitsulo, mwina ndi rediyeta ya mkuwa. Zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi amodzi zimadyana, ndipo chodyedwa ndi aluminiyamu. Coolant ndiye amaletsa zimenezo. Gawo limodzi la coolant wosasungunula pa magawo awiri a madzi limakwana kwathu kuno.

Tsono thermostat, kachitseko kotsekereza madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itatentha. Ndi amakaniko angati amene amaitaya tsiku loyamba n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi ya ku Ulaya"? Ndimawamvetsa, chifukwa thermostat yakufa yotsekeka imawiritsadi injini. Koma kuichotseratu n'kulakwa pawiri. Poyamba, injini imayenda yozizira m'mawa wa Juni ndi Julayi, imadya mafuta, ndipo ngati ili ya kompyuta imangothira mafuta ochuluka poganiza kuti sinatenthe. Chachiwiri n'choopsa. Pa injini zambiri za Toyota, thermostat ili ndi kambale kumunsi komwe kamatseka njira yachidule ikatseguka. Njira imeneyo imabweza madzi mu injini osadutsa ku rediyeta. Mukachotsa thermostat njira yachiduleyo imakhala pululu, ndipo madzi ena amangozungulira m'kati osakazizira. Gulani yeniyeni ya injiniyo, zambiri za Toyota zimatseguka pa madigiri 82, muiyese mumphika wa madzi pamoto musanaiike.

Fani, pomwe ambiri timagwera

Galimoto ikamathamanga kupitirira makilomita 60 pa ola, mphepo imadzilowera yokha ndipo fani ilibe ntchito yambiri. Ntchito yake ili pa liwiro lochepa: pamzere wa ku Chinkhoma, pamchenga, pa chitunda. Pamenepa pali kalozera wabwino. Yotentha itaima kapena poyenda pang'onopang'ono, koma n'kuzizira ikathamanga, vuto ndi mphepo. Yotentha pothamanga kapena pokoka, vuto ndi kuchepa kwa rediyeta, kutsekeka kwake, kapena kuyenda kwa madzi.

Ngati mpata ulipo, ine ndimasankha fani yozunguzidwa ndi injini, ija ya viscous. Pakati pake pali oyilo wolemera, kutsogolo kwake kuli kasipuling'i komva kutentha kwa mphepo yochokera ku rediyeta. Mphepo ikatentha imagwira n'kuyamba kubangula, ikazizira imamasuka. Ikagwira imatenga mphamvu molunjika ku injini, kuchulukitsa kangapo zimene kamota kamagetsi kangapereke, ndipo injini ikamalira kwambiri pa giya yotsika nayonso imakoka kwambiri, nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Ilibe fyuzi yoti ipse.

Koma fani yopanda cowling ili ngati kukupiza moto mutafulatira mbaula. Cowling ndi chikombole chija chozinga fani n'kuphimba kumbuyo konse kwa rediyeta. Popanda icho, fani imayamwa mphepo ya m'mbali, yosavuta kuipeza, m'malo moikoka kudutsa m'zisa. Ambiri amachitaya chifukwa chimasokoneza posintha lamba. Ngati cha fakitale sichikulowa, mmisiri wa zidebe ndi mbaula angakupindireni cha lata. Masamba a fani alowe theka m'kamwa mwake, theka litsale kunja, ndipo nsonga zake zisiye mpata wa chala ndi theka kuti injini ikagwedezeka zisagunde.

Fani yamagetsi si yoipa. Pa V8 yodzaza boneti nthawi zina ndiyo yokha ingalowe, ndipo ili ndi ubwino wokoka mofanana ngakhale injini ikungolira pansipansi. Choipa ndi mmene timaiikira. Ikhale kumbuyo kwa rediyeta ikukoka, chifukwa yakutsogolo imatchinga mphepo ndi thupi lake. Ikhale yochokera m'galimoto ya injini yaikulu, ndi cowling yake, osati timafani topyapyala tomangirira ndi timapulasitiki tobaya m'zisa, tomwe pamsewu wafumbi timacheka timachubu. Iyatsidwe ndi switch yomva kutentha kwa madzi, cha pa madigiri 90 mpaka 95 ngati thermostat ili ya 82, kudzera pa relay ndi fyuzi yakeyake. Kabatani kapamanja kangakhalepo kongothandizira, koma kudalira iko kokha n'kudalira kuti woyendetsa sadzaiwala, ndipo tsiku lina mudzabwereketsa galimoto kwa mlamu wanu.

Chinanso: fani iliyonse inapangidwira mbali imodzi yozungulira. Kuitembenuza sikusintha komwe mphepo ikupita, kumangoifooketsa. Ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta injini ikulira. Kakamatirira, zili bwino.

Mphepo yolowa iyeneranso kutuluka. Injini yaikulu imadzaza boneti ngati chimanga m'nkhokwe, ndipo mphepo yotentha ikasowa kolowera imaima kumbuyo kwa rediyeta n'kukaniza ina kulowa. Siyani njira m'mbali mwa injini ndi kunsi, boolani timazenera m'mapiko a m'kati ngati kuli kofunika. Kukweza boneti kumbuyo ndi mawashala kumathandiza mukaima, koma pothamanga mphepo imaunjikana patsinde pa galasi n'kumalowa m'malo motuluka. Mipata ya m'mbali mwa rediyeta itsekeni ndi mphira kapena siponji, kuti mphepo yakutsogolo isazembe ndipo yotentha isabwererenso kutsogolo.

Malamba, mapule ndi magetsi

Kutsogolo kwa injini kuli mudzi wonse: pampu ya madzi, olitaneta, pampu ya chiwongolero, kompuresa ya AC. Chimodzi chikagunda chasisi kapena bokosi la chiwongolero, chiyeso chimakhala chochisuntha ndi zitsulo zowotcherera mwachangu. Sunthani, koma mapule akhale pa mzere umodzi ndendende. Gonekani chitsulo chowongoka pa nkhope zawo muone. Lamba wa V amapirira kupotoka pang'ono, koma lamba mmodzi wotakata wa timizere, wozungulira zonse, amadumpha kapena kudyeka m'mphepete akangophonya mamilimita ochepa. Iyeyo akaduka zonse zimaima nthawi imodzi. Ngati mwachotsa kompuresa n'kuika lamba wamfupi, lembani nambala yake m'kati mwa boneti ndipo wina azikhala pansi pa mpando, chifukwa wogulitsa sadzamupeza pofunsa dzina la galimoto.

Samalani posakaniza ziwalo za mibadwo iwiri ya injini imodzi. Pampu ya madzi yozunguzidwa ndi msana wa lamba wotakata imazungulira mobwerera poyerekeza ndi ya lamba wa V. Kunja zimaoneka zofanana, mabauti amalowa, koma yolakwikayo imangovundula madzi. Kusintha kukula kwa pule ya kulankishafuti nakonso kumachepetsa kapena kuwonjezera liwiro la pampu ndi olitaneta. Pa 1UZ pampu ya madzi imayendera timing belt, choncho isintheni pamodzi ndi lambayo injini ikadali pansi. Sitata yake inabisala pansi pa manifold, mapayipi olowetsa mpweya mu injini, pakati pa V, ionetseni kwa wamagetsi nthawi yomweyo. Ndipo pampu yake ya chiwongolero ili pamwamba pa olitaneta, ikamadontha imaipha pang'onopang'ono.

Magetsi ndi masamu osavuta. Galimoto zakale zinkabwera ndi olitaneta ya ma amp 35 mpaka 45, yokwanira nyali, mawaipa ndi koyilo. Lero onjezani: nyali ziwiri zazikulu zimadya pafupifupi 10, fani yamphamvu 20 kapena kuposa, pampu yamagetsi ya petulo pakati pa 5 ndi 10, kompyuta ndi zake zina 10. Mwadutsa kale. Komanso olitaneta siipereka nambala yolembedwa pathupi pake injini ikamalira pansi, mwina theka lokha, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe fani ikufuna chakudya. Batire limatsika, fani imafooka, madzi amakwera. Choncho gwiritsani ntchito olitaneta ya injini yatsopano, koma musailumikize ku waya wakale wowonda. Kokani waya wonenepa wokhala ndi fyuzi yaikulu kupita ku batire. Pa galimoto zija zomwe magetsi onse amadutsira pa geji ya ma amp ya padashibodi, ilambalaleni, muike geji ya ma volt, chifukwa moto umayambira pamenepo. Waya wa earth pakati pa injini, chasisi ndi batire ukhale wonenepa ndi woyera. Ukakhala wofooka, magetsi amafuna njira ina, ndipo amatha kudutsa m'madzi n'kuboola rediyeta ya aluminiyamu m'miyezi yochepa. Eni Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 ayambe aona kuti ndi mutu uti wa batire umene wapita ku chasisi, poti zambiri za nthawi imeneyo zinali za positive.

Pali msampha wina umene umakhudza moyo. Mabuleki a servo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi popondereza buleki, amadalira mpweya woyamwa, womwe injini ya petulo imapereka yokha kuchokera ku manifold. Dizilo siipereka, imafuna kapampu kakekake. Pa madizilo a Toyota a 2L, 3L ndi 5L kapampu kameneka kali kumbuyo kwa olitaneta. Munthu akachotsa olitaneta imeneyo n'kuika yaikulu ya galimoto ya petulo kuti idyetse fani, magetsi amachuluka koma buleki imauma ngati mwala. Ndipo amene akuchotsa injini ya petulo mu Peugeot kapena Datsun n'kuika dizilo ayenera kudziwiratu komwe payipi ya servo ikalowe.

Za AC ndinene mwachidule. Chilichonse choikidwa kutsogolo kwa rediyeta, kaya condenser ya AC, intercooler (choziziritsira mpweya wa thebo) kapena choziziritsira oyilo wa giyabokosi, chimatenthetsa mphepo isanafike pa madzi. Sindikuti musaike. Intercooler pa dizilo ya thebo imathandiza injini, ndipo giyabokosi ya otomatiki yokoka katundu imafunadi choziziritsira chake. Koma ziwerengereni posankha rediyeta ndi fani, ndipo pa galimoto yantchito yomwe mpata ndi wochepa, AC ndiye woyamba kutsala. Nyali zazikulu zapabampala ndi nambala ya galimoto yopachikidwa pakati pa mphuno nazonso zimaba mphepo.

Ekizozi ya injini yaikulu imadutsa pafupi ndi zinthu zomwe kale zinali patali: mapayipi a buleki, a kilatchi, a mafuta. Kalata kopyapyala koikidwa pakati, kosiya mpata wa mphepo mbali zonse ziwiri, kamateteza kuposa kukulunga nsanza.

Geji yonena zoona

Geji ya padashibodi yakale ndi sensa ya injini yatsopano sizilankhula chinenero chimodzi. Singano ingaime pakati madzi ali pa 110. Ikani geji ya manambala ndi sensa yake, pamalo pomwe madzi otentha amatulukira m'hedi, ndipo muyambe mwaiviika m'madzi owira pambaula. Kuno iyenera kuwerenga 96 kapena 97. Dziwaninso kuti payipi ikaphulika madzi n'kutha, sensa imatsala mumpweya ndipo singano imatha kutsika injini ikupsa. Kabelu kolira madzi akachepa m'thanki n'kotsika mtengo, ndipo pa 1KZ, yomwe hedi yake imadziwika kuti siikhululuka ikatenthedwa, ine sindingayende popanda iko.

Poyesa, musakhutire ndi kuzungulira tauni. Ilizeni itaima masana kwa theka la ola, nyali zili zoyaka. Kenako ikwezeni matumba, mupite nayo pa chitunda chachitali, wina akuyang'ana geji. Kukwera kufika 95 n'kubwerera chitunda chikatha si vuto. Kukwera kosabwerera ndiko kukuuzani kuti kutentha kolowa kwaposa kotuluka. Payipi yakunsi ikhale ndi sipuling'i m'kati, apo ayi pampu ikakoka mwamphamvu imaphwatalala. Miyezi ya Epulo ndi Meyi, polowa m'minda kukatenga zokolola, njere za udzu zimadzaza zisa. Ikani kaukonde kotakata maso patsogolo, ndipo potsuka thirani madzi kuchokera kumbuyo ndi payipi wamba, osati makina amphamvu a kokwecha magalimoto omwe amagoneka zisa. Mukamaliza zonse, nambala ya injini yatsopano ikalembetsedwe ku Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto.

Hilux ya malume inakhala pa mawe miyezi inayi kudikira ndalama za fodya. Titapeza hedi ina tinadula ma mounting aja, tinabweza injini kumbuyo masentimita anayi, ndipo fani yake ya viscous inalowa. Rediyeta tinamangitsa ya mkuwa ku Lilongwe, ya mizere itatu koma yotakata kufika m'mbali monse. Cowling anapinda ndi bambo wina wokhoma zidebe kumsika, titamujambulira pa katoni. Ulendo wotsatira wa ku Nkhotakota ndinakwera nawo, maso anga ali pa geji. Pa chitunda chomwe chija singano inafika 93, fani inabangula, ndipo tisanafike pamwamba inali itabwerera pa 88. Malume sanayankhule kanthu mpaka titatuluka m'nkhalango, pomwe anandifunsa ngati kabelu ka madzi kaja ndinakayesa ndisananyamuke.